Dzina la pa Wayilesi

Amalume anga ndi atelala, ndipo m'mudzi mwathu, kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja, ndi okhawo ali ndi wayilesi. Ndi kaja kabuluu kooneka ngati sefuliya, kokhala pamwamba pa batire lalikulu kuposa iko komwe. Loweruka lililonse dzuwa likangopendeka amakatulutsira pakhonde, kukakhazika pambali pa makina osokera, anthu n'kumabwera ndi mphasa zawo.

Chaka chatha nditabwera ku holide yaikulu kuchokera ku sekondale, ndinapeza mudzi wonse wapenga ndi sewero lina lochokera ku Lusaka. Linkabwera pang'onopang'ono, gawo limodzi pa sabata. Sindinamve nthawi yaitali, ndinadzambatuka pamphasa. Linali buku limene ndinawerenga kusukulu m'Chingerezi, kawiri konse, pamene ndinali pa chilango chosesa m'laibulale teremu yonse chifukwa cha chule amene anapezeka m'dirowa ya aphunzitsi a masamu.

Nkhani yake ndi ya mtsikana, mwana wa mfumu, amene akufunafuna belu loitanira mvula. Belulo linabedwa ndi chinjoka cha mapiko, n'kukalibisa pachilumba. Pa ulendowo mtsikanayo amathandizidwa ndi mmisiri wina wosema mabwato, munthu wanthabwala, woimba popalasa. Dzina la mmisiriyo sindililemba pano, chifukwa tsopano lili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo sanayambe n'kukwawa komwe.

Anthu a ku Lusakawo bukulo ankalichita chipongwe. M'bukumo mumagwa madzi oundana ochokera kumwamba ngati ufa, iwo anangoti chifunga. Hatchi anaisandutsa bulu. Alongo atatu a mtsikanayo anawaphatikiza kukhala mmodzi, ndikuganiza chifukwa osewera anali ochepa, pakuti ngakhale mfumu ndi chinjoka anali munthu mmodzi yemweyo, kungoti akamakhala chinjoka ankalankhulira m'ndowa. Mapiko ake anali lata logwedezedwa. Mzinda wonse wa pansi pa nthaka, umene m'bukumo uli ndi mitu inayi, anangoulumpha, m'malo mwake n'kuikamo nyimbo ya gitala.

Ine zonsezi ndinkazinena mokweza. Sewero likatha ndinkaimirira pakhondepo n'kumawerengetsa zolakwa zawo pa zala, anthu ali kukamwa yasa. Amalume ankandinyadira. Munthu mmodzi yekha ndiye sankachita nane chidwi, alamu anga, amuna a achemwali.

Alamu ndi mkamwini kwathu, ndipo ntchito yawo ndi yomweyo yosema mabwato. Ankanditcha Bwana Disi, ngati bwanamkubwa wa kuboma. Tsiku lina anandiitanira kudoko, n'kundipatsa kasemasema kuti ndiyeseko pa chipika chimene ankasema. Sipanathe ola, manja anga anali matuza okhaokha. Iwo anagwira dzanja langa n'kumalionetsa kwa asodzi onse, mmodzimmodzi.

"Taonani manja a sekondale! Akagwira nsomba yamoyo, imavulala ndi nsomba kapena iwo?"

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Inenso ndinaseka, paja mlamu sakwiyirana naye. Koma ndinasunga.

Mpata unabwera wokha. Loweruka lotsatira, anthu akubalalika, alamu ananditsatira kuseri kwa nkhokwe. Ankamukonda kwambiri mmisiri wa m'sewero uja, moti ankaimba nyimbo zake posema.

"Alamu, inu bukulo munalimaliza?"

"Kawiri."

"Mmisiri uja, mtima wake ndi womwewuja mpaka kumapeto?"

Tsopano ndikuuzeni zoona zake. M'bukumo, akafika pachilumba, chinjoka chimamulonjeza mmisiriyo nkhwangwa yosabuntha. Iye amalandira, amamusiya mtsikanayo pamchenga, n'kukankha bwato lake kubwerera yekha. Ndiye munthu woipitsitsa m'buku lonse. Pamene ndinkawerenga koyamba ndinaliponya pansi bukulo ndi ukali.

Ndinawayang'ana alamu m'maso n'kunena kuti, "Ameneyo ndiye adzapulumutse onse. Popanda iye mvula sikanagwa. Muuze aliyense, munene kuti mwamva kwa ine."

Ndinkangofuna kuti akadzitame kudoko sabata zingapo, kenako tsiku la nkhwangwa likafika asodzi omwe aja awaseke monga anandisekera ine. Basi. Zinazo sindinaziganizire.

Achemwali anali ndi pathupi potopa, ndipo Lachiwiri lake anachira, mwana wamwamuna. Panyumba panali chimwemwe chosatulutsa mawu, chifukwa mwana wawo woyamba anamwalira ali m'chikuta, asanapatsidwe n'dzina lomwe. Masiku onse amene achemwali anali m'nyumba kudikira kuti mchombo ugwe, alamu sanapite kudoko. Ankangozungulira pabwalo, kukonza mpanda umene unalibe vuto.

Mchombo unagwa. Mwana anametedwa, n'kutulutsidwa panja m'mawa anthu atasonkhana. Dzina linali loti lichokere kuchimuna. Alamu anamunyamula, anatsokomola pang'ono, n'kutchula dzina la mmisiri wa pa wayilesi.

Amayi analulutira. Wina anafunsa ngati si dzina la m'sewero lija, alamu n'kuyankha monyada kuti ndi lomwelo, ndipo sanalitenge mwachisawawa ayi, anayamba afunsa kwa munthu amene anawerenga buku lonse. Anandiloza. Anthu onse anatembenukira kwa ine akumwetulira.

Kwathu dzina likathimbirira silichapika. Kuli bambo wina wa imvi amene anaba bakha ali mnyamata, mpaka lero ana ake amatchulidwa ndi bakha yemweyo. Ndiye taganizani mwana amene mudzi wonse unamva ndi makutu awo, pakhonde limodzi, mwini dzina lake akugulitsa mwana wa mfumu ndi nkhwangwa. Akanakula nalo, akanakwatira nalo. Ndiponso akuluakulu amati dzina limakoka khalidwe. Kusukulu zimenezi timaziseka, koma achemwali saziseka.

Ubatizo unaikidwa Lamulungu la sabata yachitatu. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuwerengetsa mitu ya bukulo pamtima. Mmene ankathamangira a ku Lusakawo, pachilumba akanafika Loweruka lachiwiri kapena lachitatu. Ubatizo usanachitike, mulimonse.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudzudzula wayilesi. Ine amene ndinkakalipa chifukwa cha hatchi, ndinayamba kupempha Mulungu kuti anthu aja apitirize kuononga bukulo. Mumtima ndinkawalimbikitsa kuti, mwasintha kale zambiri abale anga, mwataya mzinda wathunthu, nkhwangwa imodzi ingakukanikeni kutaya? Koma ndikakumbukira bwino, zimene ankasintha zinali zovala za nkhaniyo. Mafupa ake sankawakhudza. Aliyense amene anafa m'buku anafanso pa wayilesi, aliyense amene ananama ananamanso. Zimenezi zinkandisowetsa tulo.

Loweruka loyamba linapita bwino, anali akadali panyanja. Mmisiri anaimba nyimbo yatsopano, alamu n'kumavomereza ali ndi mwana pamiyendo. Litatha amalume anandifunsa kuti, "Lero alakwitsa pati, mnyamata iwe?"

"Lero ayesetsa," ndinatero.

"Wadwala kodi?"

Loweruka lachiwiri ndinaganiza zothana ndi wayilesi yeniyeniyo. Waya wake wokokera mawu umachoka pakhonde kukamangidwa pamwamba pa mtengo wa mango. Anthu ali kumunda wa mpunga ndinakwera, ndinaudula pakati ndi mpeni, nsonga zake n'kuzitafuna pang'ono kuti zioneke ngati ntchito ya agologolo. Nthawi itakwana wayilesi inangoti fwaa. Anthu anayamba kudandaula. Ine ndinadandaula kuposa onse.

Ndinaiwala kuti telala ndi munthu wolumikiza zinthu. Amalume anayang'ana m'mwamba, anachotsa waya wa buleki panjinga yawo, n'kunena kuti, "Amene ali wopepuka akwere." Wopepuka ndinali ine. Ndinakwera mtengo womwewo kukalumikiza waya umene ndinadula ndekha, anthu pansi akundiombera m'manja. Ndipo gawo la tsiku limenelo, mungakhulupirire? Munalibe chilumba. Anaikamo ukwati wa mlongo wa mtsikanayo, ukwati umene m'bukumo mulibe n'komwe, ng'oma ndi nthungululu theka la ola lonse. Waya uja ndinaudula pachabe, ndipo amalume anayamba kuulondera.

Panatsala njira imodzi, kuulula. Lachinayi ndinapita kunyumba kwa achemwali alamu ali kudoko. Ndinawapeza akusambitsa mwana m'beseni, akumuimbira dzina lake lija mobwerezabwereza. Mawu ndinali nditawakonza kale m'njira.

"Achemwali, za dzina lija."

Anasiya kuimba. Manja anaima m'madzi.

"Latani?"

Nkhope imene anandionetsa ndinali nditaiona kamodzi kokha, tsiku limene tinkachokera kumanda kokaika mwana wawo woyamba uja.

"Ndimati ansembe adzafuna kudziwa kalembedwe kake. Ndidzawalembera ine."

"Iwe, usamandidzidzimutse choncho," anatero, n'kundiwaza madzi kumaso. "Tenga nsaluyo umupukute mphwako. Ugwire mutu bwino."

Ndinamupukuta. Anali wopepuka ngati nkhunda, ndipo anandikodzera pa kabudula wa sukulu. Ndinaona kuti ndi chilungamo.

Loweruka lachitatu linafika, mawa lake ubatizo. Kunyumba kunali kutafika alendo a kuchimuna ochokera ku Mwadzama, azakhali a mwanayo ndi ena, ndipo onse anabwera pakhonde la amalume kudzamva munthu amene mwana wawo anatengera dzina. Mphasa sizinakwane. Ine ndinakhala kumapeto kwenikweni, pafupi ndi kanjira kopita kumtsinje, nsapato nditamanga kale zingwe.

Anafika pachilumba. Lata linagwedezeka, munthu wa m'ndowa uja anayamba kulankhula. Mawu ake anali a m'buku ndendende, ngati akuwerenga tsamba limene ndinkalidziwa. Anatchula nkhwangwa yosabuntha, yodula mtengo uliwonse kamodzi kokha. Anati, ndisiyire mtsikanayu, iwe utenge nkhwangwa uzipita.

"Akuganiza kuti akulankhula ndi ndani?" anatero alamu mokweza, akuyang'ana abale awo. "Tamverani mmene amuyankhire."

Pa wayilesi panangomveka mafunde, amene ndikudziwa kuti anali munthu akuvundula madzi m'beseni. Kenako mmisiri anapempha kuti, "Ndiione kaye nkhwangwayo." M'bukunso amafunsa choncho. Ndinadzuka pang'ono, phazi limodzi lili kale pakanjira.

Kenako kunamveka chiphokoso. Mmisiri anakuwa kuti mtsikanayo athamange akatenge belu, lata linalira koopsa, ndowa inabuula. Wofotokoza nkhani analowererapo ndi mawu achisoni, nati mmisiri anatema phiko la chinjoka ndi nkhwangwa yake yomweyo, koma chinjokacho chisanagwe chinamumeza wathunthu. Anafera pomwepo. Gitala inayamba kulira pang'onopang'ono.

Anasintha! Anthu odalitsika a ku Lusaka anathyola fupa lenileni la bukulo. Kaya anaona kuti omvera amukonda kwambiri, kaya sabata zinawathera, sindikudziwa. Ine chimwemwe chinandikwera kuchokera kumapazi, ndipo ndisanadzigwire ndinaseka. Ndinaseka ndekha, mokweza, pakati pa amayi amene anali atayamba kulira.

Pamene ndinatsegula maso, achemwali anali ataimirira. Anamufungatira mwana pachifuwa n'kulowa m'nyumba ya amalume. Apo m'pamene ndinazindikira kuti sindinapulumuke. Kwa iwo dzina la munthu womezedwa ali mnyamata linali loopsa kuposa la wakuba.

Amalume anatseka wayilesi nyimbo isanathe.

"Alamu," anatero alamu anga, ndipo nthabwala munalibe m'mawu mwawo. "Munkadziwa kuti amafa?"

"Ndipo akuseka," anatero azakhali a ku Mwadzama. "Mwana wa sukulu ameneyu. Watipatsa dzina la maliro, akuseka."

"Yankha, mnyamata iwe," anatero amalume.

Taonani tsoka langa. Ankandiimba mlandu wa chinthu chimene sindinachite, chimene m'buku mulibe. Mlandu wanga weniweni palibe amene ankaudziwa, ndipo kuti ndidziyeretse pa woyambawo ndinayenera kuyenda m'mphepete mwenimweni mwa wachiwiriwo.

"Ndaseka bodza lawo," ndinatero. "M'bukumo samwalira."

Alamu anasendera pafupi.

"Samwalira?"

"Ngakhale chilonda sakhala nacho. Anthu awa akhala akuononga bukuli kuyambira pachiyambi, ndakhala ndikukuuzani. Hatchi ija anaitani? Alongo atatu aja ali kuti? Lero afika pakupha munthu wamoyo."

"N'zoona, wakhala akunena," anatero amalume pang'onopang'ono.

"Nanga amatani?" anafunsa alamu.

Ili ndilo funso limene ndinkaliopa. Ndinasankha mawu anga ngati munthu wotola minga m'nsomba ya mwana.

"Amabwerera kwawo ndi bwato lake, nkhwangwa ija ili m'manja. Amasema mabwato ochuluka kuposa mmisiri aliyense m'dzikomo. Tsamba lomaliza limamuonetsa ali nkhalamba ya imvi, atakhala pakhomo pake."

Zonsezi zili m'bukumo, mukhoza kukaona. Chimene ndinasiya n'chakuti pakhomo pakepo amakhala yekhayekha, ndipo anthu odutsa amalavula.

Achemwali anatulukira pakhomo. Maso anali ofiira.

"Iwe, ndiyang'ane. Amakalamba?"

"Amakalamba, achemwali."

"Lumbira."

Ndinanyambita chala n'kuloza kumwamba. Sindinalumbirepo ndi mtima woyera chotero chibadwire. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamuyang'ana mwana, n'kukhala pansi pamphasa kuyamba kumuyamwitsa.

Ukali wonse unatembenukira ku Lusaka. Azakhali omwe aja anati anthu a m'tauni alibe ulemu ndi zinthu za eni. Alamu anaitanitsa pepala kwa amalume, n'kundikhazika pa makina osokera kuti ndilembe kalata, iwo akunena ine ndikulemba. Anati tikudabwa kuti anthu ophunzira ngati inu mukupha munthu amene mwini buku anamusiya wamoyo. Anati kuno kuli mwana wa dzina limenelo, ndipo mwaliza mayi wake. Anati ngati bukulo simunalimalize, kuno tili naye mnyamata amene analiwerenga kawiri, mukhoza kumufunsa. Pamenepo cholembera chinandigwa m'manja, koma ndinachitola n'kulemba momwemo. Ndinawonjezapo za hatchi, pakuti zimenezo zinkandiwawabe.

M'mawa mwake mwana anabatizidwa ndi dzina lake lomwelo. Analira bwino madzi atamukhudza, amayi n'kunena kuti ali ndi mapapo a msodzi.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinalapa. Ndilape chiyani? Mwana ali ndi dzina la ngwazi pa wayilesi ndiponso la munthu wokalamba m'buku, mbali zonse wapindula. Alamu sanasekedwe kudoko monga ndinkafunira, icho chokha ndiye chimandipweteka.

Koma tsiku lobwerera kusukulu, alamu anandinyamulira sutikesi mpaka kumsewu. Lole itaima anandigwira paphewa.

"Bwana Disi, holide ikubwerayi mubwere nalo bukulo. Mudzatiwerengere lonse m'chinenero chathu, pakhonde pomwe paja, timve zoona zake. A ku Mwadzama ati adzabweranso."

Ndinavomera, nanga ndikanati chiyani? M'mudzi monse wodziwa Chingerezi cha m'mabuku ndine ndekha, kupatula aphunzitsi a pamishoni amene maso awo anafooka. Ndagula kope latsopano, ndipo mutu wa pachilumba ndaulemba kale katatu. Vuto ndi mtsikana uja. Mmisiri akabwerera ndi nkhwangwa ali wamoyo ndiponso wosalakwa, sindinapezebe chifukwa chomveka chimene mtsikanayo akutsalira yekha pamchenga, ndipo kwatsala sabata zisanu kuti titsekere.